Tsamba la Facebook ndi nyumba ya lendi

M'chaka cha 2013, UNICEF ya ku Sweden inatulutsa uthenga umene unachititsa manyazi mabungwe ambiri. Unkauza anthu mosabisa kuti akadina "like" patsamba lawo la Facebook, ana amene alandire katemera wa poliyo chifukwa cha kudinako ndi ziro. Sankanyoza Facebook ayi, ankangokumbutsa anthu kuti katemera amagulidwa ndi ndalama. Papita zaka zoposa khumi, koma mukatsegula malipoti a pachaka a mabungwe omwe si aboma, gawo la zofalitsa mauthenga limayambabe ndi chiwerengero cha otsatira ndi cha anthu amene "anafikiridwa". Kufikiridwa kumeneku nthawi zambiri kumangotanthauza kuti chithunzi chanu chinadutsa pasikirini ya munthu, chala chake chili paulendo wopita kwina.

Masamba a mchezo ali ndi ntchito yake, ndipo bungwe limene silipezekako likudzimana anthu. Koma kumeneko mumakhala m'nyumba ya lendi, ndipo mwini nyumba amasintha malamulo tsiku limene wafuna. Mu Januwale 2018, Facebook inalengeza kuti iziika patsogolo zolemba za abale ndi anzake a munthu, zolemba za masamba a makampani ndi mabungwe zizibwera pambuyo. Amene anakhetsa thukuta zaka zambiri kusonkhanitsa otsatira anapezeka akulipira kuti alankhule ndi otsatira awo omwewo. Google+, tsamba la mchezo la Google, inatsekedwa mu Epulo 2019. AmazonSmile, imene inkapatsa mabungwe kachigawo ka ndalama zimene anthu agulira katundu pa Amazon, inathetsedwa mu Febuluwale 2023. Chaka chomwecho Twitter inayamba kulipiritsa njira imene ofufuza ankatengera data kwaulere, kenako inasintha ndi dzina lomwe n'kukhala X.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Pa intaneti, zimene zili pamphuno pa bungwe ndi zitatu: dzina la webusaiti yake, mndandanda wa anthu amene anavomera okha kuti liziwalembera, ndi makiyi a maakaunti ake. Zina zonsezi ndi misewu yobweretsera anthu kumeneko.

## Munthu akawerenga, achite chiyani?

Musanatsegule akaunti ina iliyonse, lembani m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti munthu achite akamaliza kuwerenga. "Adziwe za nkhanza zochitira ana" simungakuwerenge, ndiye simudzadziwa ngati zatheka. "Asunge mufoni yake nambala yokanenera nkhanza", "asaine chikalata chopita kwa aphungu tsiku lokambirana bilu lisanafike", "apereke ndalama mwezi uliwonse", "alembetse kudzathandiza Loweruka": izi zimawerengeka. Kampeni imodzi ikhale ndi chochita chimodzi. Mukapempha zinthu zinayi mu uthenga umodzi, munthu amasankha chopepuka kuposa zonse, chomwe ndi kudina kamtima n'kumapita.

Chochitacho chikhale ndi tsamba lakelake pa webusaiti yanu. Ambiri amaika linki yopita kutsamba loyamba, kumene munthu amakumana ndi mawu a wapampando wa bodi, mbiri ya bungwe ndi zizindikiro za opereka thandizo khumi ndi awiri, batani loperekera ndalama litabisala pansi penipeni. Tsamba la kampeni likhale ndi mutu wofanana ndi mawu amene anakopa munthuyo, ndime ziwiri zofotokoza vuto ndi chimene ndalama kapena siginecha yake ikachite, fomu, basi. Batani lioneke munthu asanatsetsereze chala.

Pafomupo, bokosi lililonse lowonjezera limabweza anthu ena. Pa chikalata chosaina, dzina, imelo kapena nambala ya foni, ndi dera zakwana. Tsiku lobadwa, ntchito imene munthu amagwira, nambala ya chiphaso, mukuzifuniranji? Ngati muofesi mulibe amene angatchule chimene achite ndi yankho la funsolo mwezi uno, lichotseni.

Kenako kulemera kwa tsamba. Chithunzi chochokera mukamera chimatha kulemera ma megabyte 5 kapena kuposa. Chichepetseni chikhale cha ma pixel 1,200 m'lifupi ndipo chisapitirire ma kilobyte 200. Pasikirini ya foni diso siliona kusiyana. Vidiyo yodziyambira yokha ichotseni, chifukwa imadya data ya munthu amene sanaipemphe. PageSpeed Insights ya Google ikuuzani kwaulere chimene chikuchedwetsa tsamba, koma kuyesa kwenikweni ndi uku: tengani foni yotsika mtengo kuposa onse muofesi, zimitsani Wi-Fi, dinani linki ya kampeni, perekani kandalama kochepa mpaka mulandire uthenga wothokoza. Werengani kuti mwadina kangati ndipo zatenga mphindi zingati. Chitani zimenezi kampeni isanayambe, ndiponso mwezi ndi mwezi, chifukwa njira zolipirira zimafa popanda phokoso. Mwina certificate yachitetezo yatha, mwina kampani yolandira ndalama yasintha kenakake. Palibe wopereka amene amaimba foni kudzanena kuti batani lanu lafa. Amangochoka.

Njira yoperekera ikhale imene anthu anu anazolowera kale. Chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti mu Januwale 2010, American Red Cross inapempha anthu a ku America kuti atumize liwu lakuti HAITI ku nambala 90999, ndipo madola 10 ankawonjezedwa pa bilu ya foni. Njira imeneyi inabweretsa madola oposa 32 miliyoni, chifukwa panalibe fomu, panalibe kufunafuna khadi. Kumene anthu amasunga ndalama mufoni, monga mmene M-Pesa yakhala ikugwirira ntchito ku Kenya kuyambira 2007, tsamba longolandira khadi la kubanki ndi chitseko chokhoma. Komabe ndalama za pafoni zili ndi vuto lake: zimalowa ndi nambala chabe, ndipo pakutha pa mwezi wa zachuma sadziwa kuti zabwera chifukwa cha kampeni iti. Patsani kampeni iliyonse liwu lalifupi loti woperekayo alembe potumiza, ndipo fananizani zolowa ndi mndandanda wanu sabata iliyonse, osadikira oditi.

Chinthu chimodzi choti musalembe mu pulani ndi chakuti "tipanga vidiyo yoti ifalikire dziko lonse". Ice Bucket Challenge, imene anthu ankadzithira madzi oundana pamutu, inabweretsera ALS Association, bungwe lolimbana ndi matenda ofooketsa minofu otchedwa ALS, madola 115 miliyoni mu 2014, koma amene anaikoleza moto anali odwala matendawo monga Pete Frates ndi Pat Quinn pamodzi ndi anzawo, osati ofesi ya zofalitsa nkhani ya bungwelo. Zotere sizikonzedwa patebulo. Chimene mungakonze ndi tsamba limene silingagwe anthu akabwera mwaunyinji, ndi njira yowathokozera n'kuwasunga mafunde akadutsa.

## Mndandanda

Mndandanda wabwino umayamba ndi chilolezo. Pafomu pakhale kabokosi kopanda chichongi kale, kokhala ndi mawu omveka: "Ndikuvomera kulandira mauthenga a bungweli pa imelo, kosapitirira kawiri pamwezi." Sungani tsiku limene munthuyo anavomera ndi fomu imene anavomerera. Mayina a pa pepala lolembetsera anthu pamsonkhano si chilolezo. Anthuwo analemba kuti zioneke kuti analipo. Mndandanda wogula kapena wobwereka kwa bungwe lina ndiye musaukhudze n'komwe.

Bungwe laling'ono lingathe kuyamba ndi sipuredishiti imodzi, bola ikhale imodzi yeniyeni. Zimavuta pamene wa zachuma ali ndi yake, wa mapulojekiti yake, wa zofalitsa yake, ndipo mayi mmodzi amene anapereka ndalama katatu akulandira kalata yomupempha kuti "ayambe" kuthandiza. Mizere yofunika ndi iyi: dzina, imelo, foni, dera, chilankhulo chimene amakonda, kumene munamupeza, tsiku lovomera, chimene anachita komaliza ndi tsiku lake.

Samalani ndi manambala a foni mu Excel. Mukalemba nambala yoyamba ndi 0, Excel imameza ziroyo chifukwa imaiona ngati nambala yowerengera masamu, ndipo nambala yaitali ya madijiti 12 kapena kuposa imaisandutsa zinthu zokhala ndi E+11 kumapeto. Mukasunga fayiloyo ngati CSV ili choncho, madijiti omalizira amatayika ndipo sabwereranso. Mzere wa manambala muusinthe ukhale wa Text musanalembemo kanthu, ndipo manambala onse alembedwe mofanana, kuyamba ndi + ndi nambala ya dziko, popanda mipata. Mukatero n'zosavuta kupeza munthu amene walembedwa kawiri.

Anthu akafika masauzande angapo, ndipo olemba musipuredishitimo akaposa awiri kapena atatu, nthawi ya CRM, pulogalamu yosungira mbiri za anthu amene mumalumikizana nawo, yakwana. CiviCRM ndi yaulere ndipo inapangidwira mabungwe. Salesforce imapereka malaisensi 10 aulere kwa mabungwe oyenerera. Liwu lakuti "yaulere" lisakunamizeni. Mapulogalamu amenewa amafuna munthu woti awakonze mogwirizana ndi ntchito yanu ndi kuwasesa sabata iliyonse. CRM yopanda mwini imasanduka nkhokwe ya zinyalala chaka chisanathe, ndipo anthu amabwerera mwakabisira ku masipuredishiti awo.

## Imelo: chifukwa chake makalata anu akugwera mu spam, bokosi la makalata osafunika

Kutumiza kalata kwa anthu 400 kuchokera pa akaunti wamba ya Gmail, maadiresi onse ali mu BCC, malo obisa maadiresi a olandira, ndi njira yachidule yopezera mavuto. Akaunti yotere ili ndi malire a anthu 500 patsiku, ilibe linki yodzichotsera pamndandanda, ndipo tsiku lina wina adzaika maadiresiwo mu CC, aliyense n'kuona adiresi ya mnzake. Gwiritsani ntchito pulogalamu yotumizira makalata ambiri, monga Mailchimp kapena Brevo, ndipo muzitumiza ndi adiresi ya domain ya bungwe, dzina la webusaiti lija.

Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo. Amene amatumiza maimelo 5,000 kapena kuposa patsiku ku maadiresi a Gmail ayenera kukhala ndi SPF, DKIM ndi DMARC, ayenera kulola munthu kudzichotsa pongodina kamodzi, ndipo odandaula kuti kalatayo ndi spam asafike 0.3 peresenti, kutanthauza anthu atatu pa 1,000 alionse. Ngakhale mndandanda wanu uli wochepera pamenepa, konzani zitatuzi. SPF ndi kaundula wa maseva amene mwawalola kutumiza makalata m'dzina lanu. DKIM ndi chidindo chobisika chotsimikiza kuti kalatayo yachokeradi kwa inu ndipo sinasinthidwe panjira. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso amenewa. Zonse zimalembedwa mu DNS, kaundula wa pa intaneti wa domain yanu. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wina amawonjezera SPF yachiwiri ya pulogalamu yatsopano pambali pa yakale. Domain imaloledwa SPF imodzi yokha. Zikakhala ziwiri zonse zimalephera, ndiye muziphatikize mumzere umodzi. DMARC iyambeni ndi p=none, muwerenge malipoti ake kwa masabata angapo, kenako mukhwimitse. Mukayamba ndi p=reject mutaiwala seva imene imatumiza malisiti a opereka ndalama, malisitiwo azikanidwa inu osadziwa.

Tizinthu tina tiwiri. Gmail imadula kalata yoposa ma kilobyte 102, n'kubisa mbali yotsalayo, kumene nthawi zambiri kumakhala linki yodzichotsera; munthu akaisowa amadina batani la spam. Chachiwiri, chiwerengero cha "otsegula kalata" chinasiya kudalirika mu Sepitembala 2021, pamene Apple inayamba kutsegulira anthu zithunzi za m'makalata pamaseva ake, mwini kalata awerenge kapena ayi. Muziyang'ana odina malinki ndi amene achitadi chimene munapempha. Amene atha chaka osadina kalikonse, alembereni kamodzi kuwafunsa ngati akufunabe makalata anu. Akapanda kuyankha achotseni. Mndandanda umachepa, mtima umawawa, koma makalata amayamba kufika.

## SMS ndi WhatsApp

SMS imafika pa foni iliyonse, ngakhale yamabatani, ndipo ndi yodula kuposa mmene ambiri amawerengera. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili m'gulu la zilembo wamba lotchedwa GSM-7. Ukapitirira, umagawidwa m'zigawo za zilembo 153, chilichonse cholipiridwa pachokha. Koma mukangoikamo chilembo chimodzi chimene mulibe m'gululo, uthenga wonse umasinthira ku Unicode, malire n'kutsika kufika pa 70, kapena 67 pachigawo. Emoji imodzi yakwana kuchita zimenezi. Chilembo cha ŵ chimachitanso chimodzimodzi. Choipa kwambiri ndi kachizindikiro kodulira mawu, kaja timalemba mu "m'manja" ndi "pang'ono": mukalemba uthenga mu Word, pulogalamuyo imakapinda kuti kaoneke bwino, ndipo kopindikako sikali mu GSM-7. Motero uthenga wa zilembo 150 umene munauwerengera ngati SMS imodzi umasanduka zitatu, ndipo pa anthu 10,000 mumalipira mauthenga 30,000. Makampani ena otumizira amakonza okha zimenezi, ena sakonza. Lembani mauthenga mu Notepad, ndipo musanadine kutumiza yang'anani kachiwerengero ka zigawo pa tsamba lotumizira.

WhatsApp ili ndi zitseko zinayi, ndipo chilichonse chili ndi msampha wake. Broadcast list, mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa aliyense payekha, imanyamula anthu 256, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu mufoni mwawo. Ndiye chifukwa chake ena amadabwa kuti atumizira anthu 250, owerenga ndi 40. Polembetsa anthu, auzeni asunge nambalayo pomwepo n'kukutumizirani "moni". Gulu limanyamula anthu 1,024, koma aliyense amaona nambala ya mnzake. Pa nkhani za nkhanza, matenda, kapena anthu amene boma lawo limawalonda, gulu lotere ndi kuwaika poyera. Channel, njira youlutsira mauthenga kwa otsatira imene inabwera mu 2023, imabisa manambala, koma imawabisanso kwa inu, ndiye kuti mwabwereranso ku nyumba ya lendi. Chitseko chachinayi ndi WhatsApp Business Platform, yolumikizidwa ndi mapulogalamu ena: munthu akakulemberani muli ndi maola 24 omuyankha momasuka, akadutsa mungatumize mauthenga okhawo amene Meta, kampani mwini WhatsApp ndi Facebook, inawavomereza kale, ndipo ambiri mwa amenewa ndi olipira.

Kuthira anthu m'gulu osawafunsa, kapena kutumiza uthenga umodzi kwa anthu mazana amene sakudziwani, kumachititsa kuti ena akunenezeni, ndipo nambala imatsekedwa, kawirikawiri pakati pa kampeni. Komanso kumbukirani kuti munthu angathe kupatsira ena uthenga (forward) kumalo asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 umene wazungulira kwambiri umapita kumodzi basi. Uthenga woti uyende ukhale wokwanira pawokha: dzina la bungwe, tsiku lenileni m'malo mwa "mawa", ndi linki. Uthenga wolembedwa "mawa" umatha kuzungulira miyezi itatu.

Zida zimenezi zimapindula kwambiri zikamamvetsera. U-Report, imene UNICEF inayambitsa ku Uganda mu 2011, imafunsa achinyamata mafunso pa SMS, ndipo chimene chimaisiyanitsa ndi kafukufuku wamba n'chakuti zotsatira zimabwerera kwa oyankhawo ndi kwa opanga mfundo. Ushahidi inabadwa ku Kenya kumayambiriro kwa 2008, anthu akuika pamapu malipoti a ziwawa zimene zinabuka pambuyo pa chisankho. Dzinalo m'Chiswahili limatanthauza umboni. Pulogalamuyo aliyense angathe kuitenga, ndipo mapu ambiri amene anatsegulidwa pambuyo pake anangokhala opanda kanthu, chifukwa ntchito yeniyeni ili pa anthu: wofalitsa nambala, wotsimikiza lipoti lililonse, ndi wopita kukathandiza. Musatsegule nambala yolandirira madandaulo musanagwirizane kuti ayankha ndani, m'maola angati, nanga Lamlungu usiku. Walira mvula walira matope.

## Malonda ndi kuyeza

Google Ad Grants imapatsa mabungwe oyenerera, m'mayiko amene pulogalamuyi ikupezeka, mwayi wotsatsa kwaulere mpaka madola 10,000 pamwezi, pafupifupi 329 patsiku. Si ndalama za m'manja. Ndi makamaka malonda a mawu amene amaoneka munthu akasaka chinachake pa Google. Nthambi za boma, zipatala ndi masukulu sizilowa nawo. Malamulo ake ndi amene amagwetsa ambiri: mwa anthu 100 oona malondawo, osachepera 5 adine, ndipo mukalephera miyezi iwiri yotsatizana akaunti imatha kuimitsidwa. Mawu osakira a liwu limodzi monga "thandizo" saloledwa kupatula ochepa, mawu amene apatsidwa Quality Score (malikisi a Google) ya 1 kapena 2 ayenera kuimitsidwa, webusaiti ikhale yotetezedwa (HTTPS), ndipo muyenera kulumikiza njira yowerengera amene achitadi kanthu patsamba lanu. Ad Grants imathandiza bungwe limene nkhani yake anthu amaisaka kale, monga zizindikiro za matenda, uphungu wa zamalamulo kapena maphunziro aulere. Ngati nkhani yanu palibe amene akuidziwa, palibenso amene akuisaka, ndipo madola 10,000 aja mudzangowamva m'mawu.

Pa Facebook ndi Instagram, m'mayiko ambiri malonda okhudza ndale, zisankho ndi nkhani zina zokhudza anthu amafuna kuti wotsatsa atsimikizidwe kaye ndi chiphaso, malondawo alembedwe amene walipira, ndipo amasungidwa poyera mu Ad Library kwa zaka 7. Kutsimikizaku kumatenga masiku. Kuyambeni mwezi umodzi kampeni isanayambe.

Kuti mudziwe msewu umene ukubweretsa anthu, ikani UTM, timawu tosonyeza kumene munthu wachokera, kumapeto kwa linki iliyonse, mwachitsanzo ?utm_source=whatsapp&utm_medium=uthenga&utm_campaign=madzi. Popanda zimenezi, anthu ochokera pa WhatsApp ndi SMS amaoneka mu Google Analytics, pulogalamu yowerengera alendo a webusaiti, ngati "Direct", kutanthauza obwera okha, ndiye mumaganiza kuti njira imene ikukugwirirani ntchito kwambiri siikubweretsa aliyense. Lembani zonse m'zilembo zazing'ono, chifukwa "Facebook" ndi "facebook" zimawerengedwa ngati magwero awiri. Musaike UTM pa malinki a mkati mwa webusaiti yanu yomwe.

Manambalawo muziwaika motsatana ngati makwerero. Tiyerekeze kuti anthu 10,000 aona uthenga, 300 adina, 60 ayamba kudzaza fomu, 9 amaliza. Ambiri akaona zotere amathamangira kuwonjezera ndalama zotsatsira. Koma taonani pamene madzi akutayikira: mwa 60 amene anali atatsimikiza mtima, 51 abwerera panjira. Vuto lili pafomu, mwina ikufunsa zambiri, mwina ikukana nambala yolembedwa ndi mipata osanena chifukwa. Kukonza zimenezo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ndipo nambala imodzi imene bodi iyenera kufunsa chaka chilichonse ndi iyi: mwa amene anapereka chaka chatha, ndi angati aperekanso chaka chino? Imakwera mukamathokoza pasanathe masiku awiri ndi kubwereranso pakapita miyezi itatu kudzanena chimene ndalamazo zachita, musanapemphe zina.

## Zimene mwasunga zingathe kupweteka anthu

Mu Januwale 2022, International Committee of the Red Cross inalengeza kuti akuba a pa intaneti analowa m'maseva osunga mbiri za anthu oposa 515,000, ambiri mwa iwo olekanitsidwa ndi abale awo chifukwa cha nkhondo, kusamuka ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu 2020, kampani ya Blackbaud, imene imasungira mabungwe ndi mayunivesite ambiri mbiri za opereka ndalama, inaberedwanso data. Ngati zinachitikira akuluakulu amenewa, laputopu ya muofesi yanu yokhala ndi fayilo ya mayina a odwala pa desktop siingadzitame. Chimene simunatolere sichingabedwe. Potolera data ndi KoboToolbox kapena ODK, zimene zimagwira ntchito ngakhale kulibe netiweki, mafomu a nkhani zachinsinsi muwatseke ndi encryption kuti awerengedwe ndi wokhala ndi kiyi yekha, mayina akhale m'fayilo yosiyana ndi mayankho, ndipo mafoni otolera data afufutidwe ntchito ikatha. Ngati pamndandanda wanu pali anthu okhala ku European Union, lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, lingathe kukukhudzani, ndipo limapereka maola 72 okha oti munene kwa oyang'anira data ikabedwa.

Zithunzi nazo zimaulula zambiri. Foni imatha kulemba m'kati mwa fayilo ya chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira. Masamba akuluakulu a mchezo amachotsa zimenezi pa chithunzi chimene anthu amaona, koma webusaiti yanu kapena imelo nthawi zambiri sizichotsa. Chithunzi cha nyumba yobisalirako amayi othawa nkhanza chingathe kusonyeza wozunza khomo lenileni. Zimitsani location pakamera. Chilolezo chojambula chinene poyera kuti chithunzicho chikaikidwa pa intaneti pamene aliyense angachione, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi kuti munthu akakana thandizo lake silichotsedwa. Kwa mwana, musaphatikize nkhope, dzina lonse ndi malo pa chithunzi chimodzi.

Tsopano makiyi. Funsani lero kuti domain ya bungwe inalembetsedwa m'dzina la ndani. Kawirikawiri mupeza kuti ili pa imelo ya mnyamata amene anapanga webusaiti zaka zisanu zapitazo, ndipo makalata ochenjeza kuti ikutha amapita kwa iye. Domain ikatha, webusaiti ndi maimelo onse zimazima tsiku limodzi, ndipo masiku owombolera akadutsa wina angathe kuigula. Isamutsireni ku akaunti ya bungwe, lipirani zaka zingapo nthawi imodzi, ndipo onani ngati khadi lolipirira silinathe ntchito.

Tsamba la Facebook likhale ndi anthu awiri kapena atatu a ulamuliro wonse, aliyense akulowa ndi akaunti yakeyake. Ena onse apatsidwe mphamvu yongolemba. Mauthenga onamizira kuti achokera ku Meta, oopseza kuti tsamba litsekedwa m'maola 24 mukapanda kudina linki, ndi amene amalanda masamba ambiri a mabungwe. Aliyense wa ulamuliro ayatse chitsimikizo chachiwiri polowa, makamaka cha pulogalamu monga Google Authenticator, chifukwa cha SMS chimagonja wakuba akanyengerera kampani ya foni kuti imupatse SIM ya nambala yanu. Makodi osungira a tsiku latsoka muwasindikize papepala n'kuwatsekera musefa. Mapasiwedi akhale mu pulogalamu yosungira monga Bitwarden, osati pagulu la WhatsApp la ogwira ntchito. Mabungwe omenyera ufulu amene webusaiti yawo imaukiridwa angapemphe chitetezo chaulere ku Project Galileo ya Cloudflare kapena Project Shield ya Google, ndipo Access Now ili ndi anthu othandiza pa ngozi zotere usana ndi usiku.

Tsiku limene wogwira ntchito akuchoka, kaya mwamtendere kaya ayi, ntchitoyi ichitike iye asanatuluke pakhomo. Mafayilo ake a pa Google Drive asamutsidwe kwa wina akaunti yake isanafufutidwe, apo ayi amapita nayo limodzi. Achotsedwe pa masamba onse ndi pa akaunti yotsatsira malonda, mapasiwedi amene ankagawana ndi ena asinthidwe, ndipo makodi a chitsimikizo chachiwiri amene anali mufoni mwake akonzedwenso pa foni ina. Nambala ya WhatsApp ya bungwe ikhale pa SIM yolembetsedwa m'dzina la bungwe kuyambira pachiyambi, ndipo wina aziigwiritsa ntchito mwezi uliwonse ngakhale pulojekiti itatha. SIM ikagona m'dirowa miyezi ingapo, kampani ya foni imapereka nambalayo kwa kasitomala watsopano, koma nambala ija ikadali pa mapositala, pa timapepala ndi m'mafoni a anthu amene munawauza kuti aisunge, ndipo uthenga wa mayi wopempha thandizo usiku umakafikira munthu wachilendo.